Buluku Lotuwa la Bambo

3 Malichi

Wokondedwa Mzime,

Moni kwa iwe, kwa Amayi ndi kwa Bambo. Kuno ndili bwino, kupatula kuthamanga kwa magazi kumene mumandipatsa inu a kumeneko.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni ya m'nyumba mwathumo ili ndi matenda odabwitsa. Tikamakamba za maukwati a anthu imamveka bwino ola lathunthu, koma ndikangotchula mafuta ophikira, Amayi amayamba kukuwa kuti halo, halo, sindikukumva. Pepala lilibe netiweki yoti ithawe. Ulimate pakhoma la kukhitchini, pamwamba pa sitovu, pamene maso a Amayi sangalilambalale.

Nkhani ukuidziwa, koma ndiibwereza poti ndiwe mphunzitsi, ndipo aphunzitsi mumamva chinthu chikanenedwa kachitatu. Dokotala wa mafupa wati bondo la Bambo latha. Akapanda kuchitidwa opaleshoni, chaka chamawa ngati chino sadzapondanso makina osokera, mwinanso sadzayenda n'komwe. Watipatsa tsiku la 20 Juni, koma ndi lamulo limodzi: Bambo atsike kuchoka pa makilo 104 kufika pa 96. Akalephera, malo awo apatsidwa wina. Tsiku limeneli ndinalipempha chogwada, ine amene sindigwadira ngakhale abwana anga.

M'katoni muli sikelo ya kukhitchini, supuni yoyezera ndi ndandanda ya chakudya. Bambo azidya makalori 1,800 patsiku. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene ili m'chakudya. Ikachuluka, thupi limaisunga pamimba. Uwafotokozere Amayi mwaulemu. M'mawa: mazira awiri owiritsa, kagawo kamodzi ka buledi, tiyi wopanda shuga. Masana: mpunga kapu imodzi yosatundumuka, nyemba, kabichi wambiri. Madzulo: nsomba, kapena nkhuku yowotcha yochotsa khungu, mbatata imodzi yapakatikati ndi masamba. Mafuta: supuni imodzi pa mphika. Imodzi, Mzime. Osati dzanja la Amayi lija limene limapendeketsa botolo iwo akuyang'ana pawindo.

Popeza Bambo amakana kukwera sikelo pagulu, ndaganiza njira ina. M'sutikesi ya pamwamba pa wadirobu muli buluku lotuwa limene anasoka okha n'kuvala tsiku limene ndinalandira digiri. Nthawi imeneyo anali ndi makilo 95. Loweruka lililonse m'mawa azilivala, iwe uziyeza mpata wa pakati pa batani ndi bowo lake. Tsiku limene batani lidzalowe, tapambana. Munthu akhoza kunama, koma nsalu siinama.

Undiyankhe msanga, undiuze mmene azilandirira. Ndipo uzidya nawo zomwezo, asamadye okha ngati wandende.

Ndine mlongo wako wamkulu.


15 Malichi

Olemekezeka a Nduna ya Makalori,

Tonse tili moyo, ngakhale sindikudziwa kuti mpaka liti. Inu muli bwanji kufakitale ya mabisiketi? Ndatchula dala ntchito yanuyo poyambirira pomwe, kuti mibadwo ya m'tsogolo idzadziwe kuti munthu amene watiletsa shuga amaweruka madzulo atatha tsiku lonse akuyeza ngati kirimu wa m'mabisiketi watsekemera mokwanira.

Katoni inafika Lachiwiri. Amayi anaitsegula akumwetulira, poganiza kuti muli nsapato. Ataona sikelo anafunsa ngati mwana amene anamulera ndi dzanja lomweli tsopano akufuna dzanjalo lilembe mayeso. Ndinawafotokozera za makalori monga munanenera. Anafunsa kuti timaoneka bwanji. Ndinati sitioneka. Anati ndiye kuti mlongo wako anatha zaka zinayi kuyunivesite akuphunzira kuopa zinthu zosaoneka, zimene ife osaphunzirafe timaziopa ulele.

Komabe akutsatira. Akutsatira mwankhanza, ngati munthu wofuna kuti lamulo lichite manyazi lokha. Amayeza mpunga, n'kuchotsa njere zitatu ndi chala, n'kuyezanso, maso ali pa ine. Supuni ya mafuta amaikweza m'mwamba kuti tonse tichitire umboni isanalowe mumphika. Kabichi ndiye watifika m'khosi. Dzana ndinalota ndikuphunzitsa kalasi ya makabichi makumi asanu ndi limodzi, ndipo ankamvetsera bwino kuposa ana a anthu.

Za sikelo ya anthu: ya kufamase inafa chaka chatha, imauza aliyense kuti ali ndi makilo 40, ndipo azimayi amaikonda kwambiri. Ndinapereka ganizo loti tikapemphe a kubutchala atikolekere Bambo pa ngowe yawo ija. Bambo sanandilankhule mpaka madzulo.

Choncho buluku. Linatuluka m'sutikesi likununkha mankhwala a njenjete. Bambo analivala atatseka chitseko, kenaka anandiitana. Mpata: zala zanga zinayi, iwo atakoka mpweya mpaka maso kufiira. Anadziyang'ana pagalasi, anagwira msoko wa kumbuyo, n'kunena kuti, "Kale tinkasoka."

Chimene chikundidabwitsa n'choti sakudandaula. Bambo omwe aja, amene anabweza mbale paukwati wa msuweni wathu chifukwa munali fupa lokha. M'mawa amatenga ndodo ndi kabokosi ka chakudya chawo choyeza, n'kutsimphina kupita kushopu. Madzulo amabwera kabokosi kali mbee, nkhope ili phee. Mwina ukalamba ndi umenewu.

Mukamatumiza china muikemo mabatire a sikelo. Ndi bisiketi imodzi yokha, ndiziinunkhiza.

Mlongo wanu wanjala,
Mzime


28 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, msana wokhawu. Kaya iwe ukudya kumeneko? Pachithunzi chija khosi lako likuoneka ngati la botolo.

Pepala lako lili pakhoma. Ndikuchita zonse. Ndili ndi mafunso atatu. Loyamba: ndikalawa mchere m'nyemba, timakalori ta pasupunipo timawerengedwa kwa ine kapena kwa bambo ako, poti mphika ndi wawo? Lachiwiri: khungu la nkhuku ndikachotsa ndizipita nalo kuti? Kutaya sindingathe. Panopa ndikupatsa mphaka, ndipo mphakayo wayamba kulephera kudumphira pawindo. Lachitatu: zaka makumi anayi ndakhala ndikuphikira mwamuna ameneyu, sanagonepo m'chipatala ngakhale tsiku limodzi. Kodi ndimamupha pang'onopang'ono osadziwa? Lachitatuli uyankhe bwinobwino.

Loweruka mlongo wako anayeza. Akuti zala zitatu ndi theka. Ine sindilowerera nawo, yanga ndi kuchapa ndi kusita basi.

Akazi a malemu a Kalipentala anabwera dzana kudzacheza. Akuti ndikupatse moni. Atamva za bondo anangoti Ambuye akhale nanu, n'kuyamba kuyang'ana pansi. Bambo ako anatuluka panja osamaliza tiyi. Poti ndi wopanda shuga, sindikuwadzudzula.

Bambo ako akupempha ulusi wotuwa, wolimba, wa kumeneko, akuti wa kuno umaduka. Timipukutu tiwiri. Ndi masingano a makina.

Ndine mayi ako.


9 Epulo

Okondedwa Amayi,

Ndasangalala kumva kuti muli bwino. Msanawo muzipaka mankhwala aja, musamawasunge ngati cholowa. Khosi langa lili bwino. Makosi amakhala choncho.

Mayankho: zolawa ndi zanu. Mphaka musiyeni adye, iye alibe tsiku kwa dokotala. Funso lachitatu, Amayi, si funso, ndi msampha, ndipo ine ndinakulira m'nyumba mwanu, ndimaudziwa. Palibe amene wanena kuti munalakwa. Bondo ndilo latopa kunyamula chikondi chanu.

Ulusi ndatumiza timipukutu tinayi, osati tiwiri. Mtima wanga wakhala pansi: munthu wopempha ulusi ndi munthu amene akuganiza za mawa. Muwauze Bambo kuti ndikuwanyadira.

Poti Mzime akulira ndi kabichi ngati khanda, nazi njira zina. Mabiringanya owotcha, othira tomato ndi adyo. Supu wa nyemba ndi karoti, wopanda mafuta n'komwe. Nsomba yofinyira mandimu, yophika ndi nthunzi. Dzungu lowiritsa m'malo mwa buledi. Njala ikavuta masana, nkhaka kapena lalanje limodzi, osati nthochi zinayi n'kumati ndi zipatso. Mbale zikuluzikulu zija muzibise, muziwapakulira m'zing'onozing'ono; diso likaona mbale yodzaza, mimba imavomera. Zimenezi zinafufuzidwa ndi akatswiri.

Iwe Mzime, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwerengera Amayi kalatayi. Bisiketi sinditumiza. Ndipo nthabwala zako za ntchito yanga zinkaseketsa chaka choyamba.

Mundilembere za Loweruka likubwerali.

Mwana wanu.


27 Epulo

Achemwali,

Landirani moni kuchokera kwa zimene zatsalako za mlongo wanu. Inu muli bwanji?

Nkhani yabwino poyamba: zala ziwiri. Ndayeza kawiri. Ndipo poti zala zanganso zaonda, mwina ndi chimodzi ndi theka cha zala zakale.

Nkhani yoipa ndine. Kolala ya shati ikundizungulira ngati ndasuzumira m'chidebe. Ahedi anandiitanira mu ofesi, anatseka chitseko, n'kundiuza motsitsa mawu kuti masiku ano kuli mankhwala, munthu asamachite manyazi. Ndinawauza kuti vuto ndi nsomba ya nthunzi. Anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti ambiri amayamba ndi kukana. Lolemba, ndikulemba pabolodi, buluku langa linayamba ulendo wopita pansi kalasi yonse ikuona. Phunziro ndinalimaliza ndi dzanja limodzi m'thumba, ngati nduna yokayendera chitukuko.

Apa ndiye ndinaona ubwino wokhala mwana wa telala. Bambo anatenga mabuluku anga onse awiri a kuntchito, otuwa aja, n'kuwabweza m'chiuno tsiku limodzi, ine osapempha n'komwe. Tinsalu timene anadulato anatipinda bwinobwino n'kutiika m'thumba la jekete. Mukuwadziwa, sataya ngakhale kaulusi.

Chimodzi chokha: nkhope yawo sikusintha. Masaya ali pomwepo, mwinanso ayamba kuwala. Nditafunsa, anandiyankha kuti iwo ayeza anthu zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo thupi limayamba kuchoka m'chiuno, nkhope imatsanzika pomaliza. Ine ndinaphunzira zilankhulo, sindingatsutsane ndi telala pa nkhani ya chiuno.

Za mbale zazing'ono, Amayi amvera. Tsopano tikudyera m'tisosala ta makapu a tiyi. Diso langa laona, mimba sinavomere. Akatswiri anuwo muwauze abwere adzafufuze kuno, koma adye kaye kwawo.

Bondo likuwavuta kwambiri. Masitepe atatu a kushopu aja amapumira kawiri, ndipo makina akupondera mwendo umodzi. Izi zokha sindikuseka.

Mzime


6 Meyi

Mzime,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga. Dalaivala wa kampani akunyamuka pompano, ndipo walonjeza kusiya kalatayi m'manja mwako mawa. Sindikuimba, chifukwa m'nyumba mwathumo foni ikalira onse amasiya zochita.

Kalata yako yandisowetsa mtendere. Munthu sangataye zala ziwiri m'chiuno masaya n'kumawala. Ndawerengetsera katatu. Ndipo ndakumbukira chinthu chimene ndinayenera kuchiona poyamba, ine wa digiri: tapatsa telala buluku kuti likhale mboni yake.

Usawauze kanthu. Ulitembenuze bulukulo, uone msoko wa kumbuyo. Ukagule tepi yatsopano, osati yawo, uwayeze pamimba penipeni. Ukapeza zimene ndikuopazi, undiimbire tsiku lomwelo uli kusukulu. Masabata asanu ndi limodzi alipo, tikhoza kupulumutsako kanthu. Ukapanda kunena kanthu, ndidziwa kuti ndangotengera Amayi mtima wokayikira, ndipo ndiwapepesa Bambo chamumtima.

Mlongo wako.


8 Juni

Achemwali osowa,

Kodi cholembera chinauma? Pafupifupi miyezi iwiri, kalata osaoneka. Pafoni mumangofunsa kuti "zonse zili bwino?" ndi mawu a wapolisi, ine ndikati zili bwino mumapumira m'mwamba n'kudula. Kuno tonse tilipo, mphaka yekha ndiye akuyenda ngati bwana.

Imitsani makina a mabisiketi, muuze antchito onse aimirire: batani lalowa. Dzulo m'mawa, tisanamwe tiyi. Lalowa mosakakamiza, mpaka Bambo analowetsa chala chachikulu m'chiuno kusonyeza kuti malo atsalanso. Ndinaomba m'manja. Ndinaitana Amayi kuti adzaone. Anayankha ali kukhitchini kuti pa moyo wawo aona kale mabuluku ambiri. Mayi ameneyu chimwemwe chimamuvuta.

Tinakondwerera ndi dzungu lowiritsa.

Ndikuvomera pamaso pa pepala lino kuti munalondola. Kalatayi muisunge bwino, poti mawu amenewa simudzawamvanso kuchokera kwa ine. Pa 20 tinyamuka ndi takisi m'mamawa. Chikwama Amayi alongedza kale: matawulo, sopo, pijama yatsopano. Bambo akuti avala buluku lotuwa lomwelo, dokotala akadzionere yekha.

Titamaliza dzungu anandifunsa ngati munthu akamugoneka ndi mankhwala aja amalota. Ndinati sindikudziwa. Anati a Kalipentala analonjeza kuti adzawauza. Kenaka anayatsa wailesi.

Tilembereni, ngakhale mizere iwiri yodzitama. Mwaigwirira ntchito.

Mzime


21 Juni

Achemwali,

Moni. Khalani pansi. Ngati mwakhala kale, gwirani tebulo. Dzulo pafoni ndinangoti zalephereka chifukwa Bambo anali pambali panga m'takisi. Nazi zonse.

Makilo 107.

Namwino anawakweza pasikelo kawiri. Kachitatu anawauza avule nsapato ndi jekete. Zinathandiza ndi theka la kilo. Ine, mphunzitsi wa ana a anthu, ndinayamba kukangana ndi sikelo ya chipatala. Ndinauza dokotala kuti makina awo ndi akufa, ife tili ndi umboni, ndipo ndinaloza buluku. Dokotala anayang'ana buluku, anayang'ana fayilo, n'kufunsa kuti, "Bambo, paja ntchito yanu ndi yotani?"

Bambo anayankha ndi ulemu wonse kuti ndi telala.

Namwino anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera. Kenaka anandikweza inenso pasikelo mongocheza: ndataya makilo asanu ndi anayi. Dokotala anati ndikanakhala ndi bondo lovuta akanandilowetsa pompo. Malo a Bambo apatsidwa mayi wina. Tsiku lina likhoza kupezeka mu Novembala, ndipo wanenetsa kuti limenelo ndi lomaliza. Kupitirira apo bondo silingakonzekenso.

Titafika kunyumba ndinapeza kalata yanu ya pa 6 Meyi ili patebulo. Dalaivala wanu anaipeza pansi pa mpando akutsuka galimoto, ndipo akuti mumukhululukire. Ndinachita zimene munalamula, mochedwa ndi masabata asanu ndi limodzi. Achemwali, m'kati mwa buluku lija muli ntchito yoyenera kupita kuchionetsero. Mukudziwa nsalu yapadera imene telala amasiya m'kati mwa msoko wa kumbuyo, yosungira mwini wake akadzanenepa. Bambo ankaumasula msokowo pang'onopang'ono, sabata ndi sabata. Mizere ya mabowo a singano ikuoneka ngati masitepe. Nsalu yosungirayo itatha, anatsegula m'mbali n'kuikamo timagawo tiwiri, tobisika pansi pa matumba. Ulusi ndi wanu. Nsalu ndi yanga. M'nyumba muno palibe kilo imene inatayika: zimangochoka pa ine n'kusamukira kwa Bambo, pamodzi ndi buluku lomwe.

Masana ano ndinapita kushopu. Mayi wa tchipisi wa khomo loyandikana uja sanabise kanthu. Kuyambira mu Malichi, tsiku lililonse 10 koloko, mbale yaikulu ndi masoseji awiri. 3 koloko, mabanzi ndi tiyi wa mkaka wa masupuni anayi a shuga. Ndinafunsa za kabokosi ka kunyumba. Akuti amadyanso, poti chakudya cha akazi awo sangachinyoze. Anaonjeza kuti kale sankadya chonchi, ndipo masiku ena amaoneka kuti akuchita kudzikakamiza, thukuta lili kamukamu, koma amamaliza.

Ndawafunsa chifukwa. Akungosoka. Ine ndakwiya moti ndadya mazira anayi okazinga, ndipo mafuta sindinayeze.

Mzime


26 Juni

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, poti m'nyumba mwanu aliyense amakhala bwino kupatula choonadi.

Mzime ndamukhululukira, anabadwa wopusirako pang'ono, ndipo digiri sinachotse. Koma inu munalemba nokha kuti yanu ndi kuchapa ndi kusita. Inu amene mumaona kadontho ka supu pa shati ya munthu ali tsidya lina la msewu, simunaone nsalu ya buluku lina m'buluku limene mumalitembenuza Lachisanu lililonse?

Ndinatenga tchuthi cha masabata awiri kuti ndidzawasamalire akatuluka. Ndinauza ofesi yonse. Ndinagula mpando wosambira. Tsopano ndiyenera kukagwadiranso dokotala yemwe uja, amene ndamva kuti akufotokozera anzake onse nkhani ya telala.

Ndikufuna yankho, Amayi, ndipo musandiuze za mphaka.

Mwana wanu.


4 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Mphaka sindimutchula.

Ndinaona sabata yoyamba. Msoko ukamasulidwa pamatuluka kamzere ka nsalu yosasuluka. Iwe unati nsalu siinama. Ukanafunsa amene amagwira simbi. Ndinasita, ndinapinda, ndinaika pampando. Iwo anadziwa kuti ndaona, ine ndinadziwa kuti adziwa. Tinamwa tiyi wathu wopanda shuga.

Iwe unali kale kumeneko pamene a Kalipentala anapita kukachotsa kachotupa ka pamimba. Kanthu kakang'ono, anatero onse. Anapita akuyenda okha, anadzera kushopu kusiya buluku kuti bambo ako alifupikitse miyendo, akuti adzatenga Lachinayi. Sanadzuke. Palibe amene analakwa, mtima unangoima. Bulukulo likadali pamsomali kuseri kwa chitseko cha shopu, zaka zitatu tsopano, lofupikitsa kale. Mlongo wako amalowa m'menemo tsiku ndi tsiku ndi digiri yake, sanafunsepo kuti ndi la yani.

Iwe unatumiza sikelo, supuni, ndandanda, ulusi. Unawerenga timakalori ta m'dzira. Sunafunse ngakhale kamodzi kuti, Bambo, kodi mukuopa? Inenso sindinafunse, chifukwa akanandibwezera funso. Ndinaona kuti bola mwamuna wotsimphina amene ndikumuona kusiyana ndi buluku lachiwiri pamsomali. Ngati ndinalakwa, uyeze pasikelo yako, undiuze makilo ake.

Koma Lachiwiri anagwa pa masitepe a kushopu. Sanavulale kwambiri, chigongono chokha. Anakhala pansi pomwepo mpaka anthu awiri anawadzutsa, mmodzi wa iwo mayi wa tchipisi. Atafika kunyumba anakana chakudya, ngakhale choyeza. Ndinawauza kuti ine kuwanyamula sindingathe, ndipo kuwaonerera akukwawa sindifuna. Tinakamba zimene tinayenera kukamba mu Malichi.

Mpando wosambirawo usunge. Akukulembera okha. Akuti ndisawerenge, ndawerenga.

Ndine mayi ako.


5 Julayi

Mwana wanga woyamba,

Moni. Kaya iwe? Ine ndili bwino. Dzulo ndinakwera sikelo ya kwa ogulitsa simenti, anthu akuona. Ndine matumba awiri ndi makilo asanu ndi limodzi.

Kulemba si ntchito yanga, ndiye ndifupikitsa. Ndinakunamiza. Ntchitoyo ndi yaukhondo, uona wekha, koma linali bodza.

M'phukusili muli buluku. Upite nalo kwa telala wa kumeneko. Usankhe wachikulire, wa tepi m'khosi, osati a mafashoni aja. Achotse timagawo ta m'mbali, ubwezere mlongo wako, ndi take. Abweze msoko pa mzere woyamba, wa ulusi wakale. Akatero adule nsalu yonse yosungira, asasiye ngakhale yolingana ndi chikhadabo. Moyo wanga wonse sindinadulepo nsalu imeneyi yonse pa buluku la munthu, poti munthu amasintha. Ili adule. Ndiponso sindinavalepo chosokedwa ndi munthu wina. Akasoka mokhota usandiuze.

Ukalitumizanso, kuyeza azichita mayi ako. Mzime ndi mwana wabwino, koma amakhulupirira anthu.

Mayi wa tchipisi ndamuuza. Wamvetsa, ngakhale analengeza misozi. Buluku la a Kalipentala ndakapereka kwa akazi awo, ndipo msomali ndazula.

Ndikuopabe. Ulembe zimenezo pa ndandanda yako, pakati pa dzira ndi tiyi, kuti tizikumbukira tonse. Dokotala umuuze Novembala, umuuzenso kuti aseke panopa amalize, tsikulo manja asadzanjenjemere.

Nsomba ya nthunzi ija, mwana wanga, ufunse kwa anzako ophunzira ngati palibe njira ina yochepetsera munthu. Ngati palibe, ndidya.

Ndine bambo ako.